Tonde wogunda anthu: za Fred wa pa kanema ndi wa m'khola mwanu

Funso: Ana anga amakonda sewero lakale la ku America lotchedwa Little House on the Prairie. Tsiku lina tinaonera gawo limene kamtsikana kaja Laura kanabwera kwawo ndi tonde dzina lake Fred, ndipo tondeyo anagunda anthu ambirimbiri m'tauni yawo. Ana anaseka mpaka misozi. Ine kuseka kunandikanika, chifukwa pakhomo pano tili ndi tonde wotero. Tinamulera ndi botolo mayi ake atafa, ndipo sabata yatha wagwetsa mwana wanga wa zaka 5. Kodi za m'seweromo zinachitikadi? Nanga mbuzi imachitiranji zimenezi, ndipo wangayu ndingamuwongole? Ndine mayi wa ku Dedza.

Yankho: Mayi, ndisanalowe mu za kanema ndikupempheni chinthu chimodzi. Kuyambira lero tondeyo asapezekenso pabwalo limodzi ndi ana. Mutsekereni m'khola kapena mumangeni patali ndi pamene ana amasewera, ndipo womupatsa chakudya ndi madzi akhale munthu wamkulu. Mwana wa zaka 5 nkhope ndi chifuwa chake zili pa msinkhu womwewo umene nyanga za tonde zimafika akaimirira ndi miyendo yakumbuyo. Ngati mwanayo atagwa anasanza, akudandaula mutu kapena m'mimba, kapena akungogonagona kusiyana ndi masiku onse, pitani naye kuchipatala. Zina zonsezi tikhoza kukambirana mofatsa mukachita zimenezi.

Tsopano za Fred. Sewero limene mukunenali linkaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya NBC kuyambira 1974 mpaka 1983. Michael Landon ndiye ankasewera ngati Charles Ingalls, bambo wa banjali, ndipo Melissa Gilbert anali Laura. Gawo la tonde linatuluka mu 1976, m'chaka chachitatu cha seweroli. Laura apatsidwa tondeyo ngati malipiro a ganyu amene anagwira, iye n'kumutenga mokondwa, koma pakhomo n'kusanduka mtolo, chifukwa akudya zosayenera kudya ndipo akugunda aliyense amene wamufulatira. Banja la Ingalls linalikodi, ndipo linakhaladi pafupi ndi tauni ya Walnut Grove m'boma la Minnesota kuyambira 1874. Laura Ingalls Wilder anabadwa mu 1867, anamwalira mu 1957, ndipo anayamba kutulutsa mabuku onena za ubwana wake mu 1932 ali kale mayi wachikulire. Koma Fred m'mabukumo mulibe. Anapekedwa ndi olemba sewero zaka pafupifupi 20 mwini nkhani atamwalira, pofuna gawo loseketsa pakati pa magawo a matenda, njala ndi maliro. Ngakhale mapiri amene mumaona kuseri kwa nyumba yawo si a ku Minnesota. Zambiri ankajambulira ku Simi Valley ku California, pamene dera lenileni la Walnut Grove ndi chidikha cha udzu, chopanda mapiri otero.

Ziweto zimene zinavutitsadi banjali zinali ng'ombe, ndipo Laura anazilemba m'buku lake la mu 1937 lonena za moyo wawo m'mbali mwa mtsinje wa Plum Creek. Atangofika, ankakhala m'nyumba yokumba m'gombe la mtsinje, denga lake lili dothi lomera udzu. Bambo ake anasinthanitsa akavalo awo ndi kulandira ng'ombe ziwiri zapagoli, Pete ndi Bright. Tsiku lina imodzi inathamangira pamwamba pa nyumbayo, mwendo n'kubowola denga. Tsiku linanso gulu la ng'ombe za anthu ena linalowa m'milu ya udzu wouma umene bambo anasungira nyengo yozizira, makolo atachokapo, ndipo Laura ndi mkulu wake Mary analimbana nazo okha mothandizidwa ndi galu wawo Jack. Tsiku lomwelo, makolo akubwerera, ng'ombe zapagolizo zinathawa ndi ngolo, mayi ndi mwana wamng'ono ali momwemo. Ine ndikamawerenga zimenezi ndimaona kuti udzu uja ndiye unali nkhani yoopsa kuposa zonse. Ku Minnesota chipale chimakwirira nthaka miyezi ingapo, ndipo chiweto chimene udzu wake wadyedwa kapena kupondedwa chisanu chisanayambe sichifika kumapeto kwa nyengoyo.

Apa ndi pamene mungamvetse chifukwa chake bambo wa m'sewero sanakondwe ndi malipiro a mwana wake. Mlimi wa nthawi imeneyo m'dera limenelo ankasunga chiweto chimene chili ndi ntchito yodziwika. Ng'ombe zapagoli zinkaswa mphanje ndi kukoka ngolo. Ng'ombe yaikazi inkapereka mkaka ndi batala, nkhumba inkapereka nyama ndi mafuta osunga, nkhuku mazira. Tonde mmodzi, wopanda mbuzi yaikazi ngakhale imodzi, sapereka mkaka, sabereketsa, salima, koma amadya tsiku lililonse. Ndipo nthawi yake inali yoipa. Lamulo la mu 1862 linkapereka maekala 160 kwa munthu amene wakhala pamalopo ndi kuwalima zaka zisanu, choncho anthu ambiri osauka anakhamukira kumadzulo ali ndi ngolo ndi ngongole basi. Malowo sanali opanda eni. Kum'mwera kwa Minnesota kunali kwa anthu a mtundu wa Dakota, amene anathamangitsidwa pambuyo pa nkhondo ya mu 1862, ndipo amuna awo 38 ananyongedwa tsiku limodzi ku Mankato mu December chaka chomwecho. Sewero silikonda kukumbutsa zimenezi, koma ana anu akamakula ndi bwino azidziwe. Obwerawo nawonso sanapeze mtendere, chifukwa dzombe linagwa m'derali zaka zotsatizana cha m'ma 1874 ndi 1875, n'kumaliza tirigu wa banja la Ingalls, mpaka bambo anayenda ulendo wautali wapansi kukafuna ganyu yokolola kum'mawa. Mu 1876 banjali linasamukira ku Burr Oak, ku Iowa. Pakhomo potero, chiweto chodya mbewu sichinali choseketsa ngakhale pang'ono.

Vuto linanso linali mpanda. M'chidikha chopanda mitengo matabwa ankachokera kutali ndipo anali okwera mtengo. Waya waminga umene tikuudziwa lero unali utangoyamba kumene, chifukwa Joseph Glidden wa ku DeKalb, Illinois, analandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1874. Choncho ng'ombe za m'deralo zinkapita kubusa pamodzi ndi mnyamata woweta, monga momwe zimakhalira m'midzi yathu yambiri. Ng'ombe imalola kuwetedwa motero. Mbuzi ndi ina. Inu a ku Dedza mukudziwa milandu imene imafika kwa amfumu nthawi ya dzinja, chingwe chikaduka mbuzi n'kulowa m'chimanga cha mnansi.

Tsono mbuzi imagundiranji? Mbuzi zinawetedwa koyamba zaka pafupifupi 10,000 zapitazo kumapiri a Zagros, dera la Iran ndi Iraq masiku ano, kuchokera ku mbuzi zakutchire za m'matanthwe. Zaka zonsezi sizinachotse lamulo lawo la m'gulu, loti mbuzi iliyonse idziwe imene ili pamwamba pake ndi imene ili pansi pake. Wapamwamba amadya poyamba, amagona pamalo pabwino, ndipo ngati ndi tonde, ndiye amakwera zazikazi. Udindo umenewu amaupeza ndi mutu. Mukaonetsetsa tiana ta mbuzi ta milungu iwiri kapena itatu, mudzaona titayamba kale kukankhana timitu. Kwa ife ndi masewera, koma ndi sukulu yawo. Kamenyedwe kake n'kosiyana ndi ka nkhosa. Nkhosa yamphongo imabwerera m'mbuyo, kenako n'kuthamanga mutu uli pansi. Tonde kawirikawiri amaimirira ndi miyendo yakumbuyo, n'kupendeketsa mutu, n'kutsika ndi thupi lonse, ndipo akakhala pafupi amakola ndi nyanga cham'mbali. Chigaza chake chinapangidwira zimenezi, pamene nthiti za mwana wa munthu n'zofewa.

Chimene sewero linakokomeza ndi chakuti Fred amaoneka ngati akusankha anthu oti awachititse manyazi, makamaka akawerama. Mbuzi ilibe chiwembu chotero ndipo sisunga mangawa. Komabe pali choonadi pang'ono. Munthu akawerama kapena kugwada amatsika kufika pa msinkhu wa mbuzi, ndipo akaifulatira sangaone chenjezo limene imapereka isanagunde. Chenjezolo limakhalapo ndithu. Ubweya wa pamsana umaimirira, tonde amaima chopingasa kuti aoneke wamkulu, amatsitsa chibwano kuloza nyanga kutsogolo, nthawi zina amapalasa pansi. Maso a mbuzi ali m'mbali mwa mutu ndipo kamwana ka diso kake n'kopingasa, choncho imaona mbali yaikulu yozungulira popanda kutembenuka. Imakuonani nthawi yonse, ngakhale pamene inu mukuganiza kuti ikungodya.

Mfundo imene yandigwira mtima m'kalata yanu ndi ya botolo. Munachita bwino kupulumutsa kamwana kamasiye, ndipo musadziimbe mlandu. Koma dziwani kuti mphongo yoleredwa pamanja ndiyo imakhala yoopsa ikakula, kaya ndi mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe. Alimi a ng'ombe zamkaka amadziwa bwino kuti nkhunzi yoleredwa ndi chidebe, yokha popanda anzake, ndiyo imavulaza mwini wake. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kambuzi kokulira kwa mayi ake, pakati pa mbuzi zinzake, kamaphunzira zinthu ziwiri. Kamaphunzira kuti anzake olimbana nawo ndi mbuzi, chifukwa mikota ikuluikulu imakagunda kakachita mwano. Kamakhalanso ndi kamantha pang'ono ka munthu, kamene kamasiya mpata pakati pa iko ndi inu. Kambuzi kokulira kukhitchini, kogona pafupi ndi ana, kothamangitsana nawo pabwalo, sikaphunzira chilichonse mwa ziwirizi. Kwa iko gulu lake ndi banja lanu. Kakafika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, mphamvu za umphongo zimayamba kugwira ntchito, ndipo kamayamba kufuna udindo m'gulu limene kakulidziwa. Kamayambira pa wamng'ono, chifukwa ndiye wosavuta kugonjetsa. N'chifukwa chake wagwetsa wa zaka 5 osati bambo ake. Akapambana pamenepo amakwera kwa wotsatira.

Ndikukhulupirira kuti pali chinanso chimene chinkachitika pakhomo panu, chifukwa ndachiona m'makomo ambiri pa ntchito yanga ya ulangizi wa ziweto. Kambuzi kali kakang'ono, ana amakonda kukakankha pamphumi ndi chikhatho, iko n'kumakankhanso, onse n'kumaseka. Ena amakagwira tinyanga n'kumakagwedeza. Masewera amenewa ndi chilankhulo chenicheni cha mbuzi, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti bwera tiyesane mphamvu. Kambuzi ka makilogalamu asanu sikapweteka munthu. Tonde wa makilogalamu 30 kapena 40 amachita zomwezo zimene anaphunzitsidwa, koma tsopano zikugwetsa mwana. Akakhala wa mtundu wa Boer, wochokera ku South Africa, amene alimi ambiri akuweta masiku ano pofuna kukweza mtundu wa mbuzi zawo, wamkulu amatha kupitirira makilogalamu 100, ndipo ameneyo akhoza kuthyola mwendo wa munthu wamkulu.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Kumaiko ozizira ngati Minnesota mbuzi zimakwerana makamaka masiku akayamba kufupika, kuyambira cha mu September mpaka m'nyengo yachisanu, ndipo tonde amalusa kwambiri miyezi imeneyo n'kuzizirako nyengo ikatha. Kuno kutalika kwa usana sikusintha kwambiri, choncho mbuzi zathu zimatha kukweredwa mwezi wina uliwonse, ndipo tonde sapuma. Fungo lija limachokera ku tizigawo ta khungu tili kuseri kwa nyanga, komanso ku mkodzo umene amadzithira kumaso, kundevu ndi kumiyendo yakutsogolo. Mukamva fungo lakula, mlomo wam'mwamba akuupinda, kudya wachepetsa, dziwani kuti pali yaikazi imene ili pa nyengo pafupi, kaya yanu kapena ya mnansi, ndipo masiku amenewo ndi oyenera kusamala kwambiri.

Musanaganize kuti ndi khalidwe chabe, dzifunseni ngati kulusaku kwabwera pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi. Kukula pang'onopang'ono pa miyezi ingapo, tonde akudya bwino ndi kuyenda bwino, ndi zimene ndafotokozazi. Koma mbuzi yofatsa ikasintha m'masiku awiri kapena atatu, ikulira modabwitsa, ikutuluka dovu, ikulephera kumeza, ikuluma kapena kugunda zinthu zopanda moyo, ganizirani za chiwewe, makamaka ngati inalumidwapo ndi galu. Musaike dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti yatsamwa. Itsekereni, itanani alangizi a ziweto, ndipo aliyense amene yamuluma kapena dovu lake lakhudza bala lake atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Mbuzi yozungulirazungulira, yotsamiritsa mutu kukhoma, yoyenda mokweza miyendo kapena yogwa n'kumaphupha, ikhoza kukhala ndi matenda a nkhupakupa ofika ku ubongo, kapena chotupa cha m'mutu chochokera ku nyongolotsi za agalu. Zimenezi ndi za dokotala wa ziweto. Mmene mwafotokozera, sindikuganiza kuti wanu ali m'gulu limeneli, koma yang'anani.

Nanga angawongoke? Ndinene zoona zokhazokha. Munthu wamkulu akhoza kumuphunzitsa tonde kuti azimulemekeza iyeyo. Sangamuphunzitse kulemekeza mwana wamng'ono. Ulemu wa mbuzi umapita kwa amene yaona kuti singamugonjetse, ndipo umathera pa munthu yemweyo.

Kwa akuluakulu a pakhomo, njira zake ndi izi. Musamukankhe pamutu ndipo musamugwire nyanga, ngakhale pomulanga, chifukwa kwa iye ndi nkhondo imene akuifuna. Kumumenya ndi ndodo pamphumi n'kutaya nthawi, pamenepo ndi pamene Mulungu anamulimbitsa, ndipo kumumenya m'thupi kumangomuvulaza ndi kumuwonjezera ukali. Mbuzi imadana ndi madzi kumaso. Botolo loboola chitsekerero, kapena kapu ya madzi, mukamuthira pamene wangoyamba kuima chopingasa, pamodzi ndi mawu amodzi okalipa omwewo nthawi zonse, zimamubweza. Chofunika ndi nthawi yake, kuti madziwo afike pa chenjezo, asanagunde. Mukafuna kumutembenuza, kwezani chibwano chake m'mwamba ndi dzanja kapena mukankheni paphewa. Mumangeni mkombero wa chingwe chofewa kapena lamba m'khosi, wosathina, kuti muzimugwirira pamenepo. Lekani kumudyetsa m'manja. Chakudya chiziikidwa m'chodyera iye ali womangidwa kapena inu muli kunja kwa khola. Polowa m'khola muzimuyang'ana, ndipo potuluka musamufulatire.

Musamusiye yekhayekha. Mbuzi ndi nyama ya m'gulu, ndipo tonde wotsekeredwa yekha kapena womangidwa pa chikhomo chimodzi tsiku lonse amalusa koposa. Uku ndiye kunali kusowa kwenikweni kwa Fred, amene anali mbuzi imodzi pakati pa anthu okhaokha. Mnzake wabwino wa tonde ndi mfule wa msinkhu wake. Mupatseninso chochita ndi mlomo. Mbuzi mwachibadwa imakonda masamba a mitengo ndi zitsamba kuposa udzu wapansi, ndipo milomo yake imasankha tsamba limodzilimodzi. Ikasowa zimenezi ndi pamene imayamba kukoka zovala pachingwe ndi kulawa mapepala, anthu n'kumati mbuzi imadya chilichonse, pamene ikungofufuza. Mangirirani m'mwamba nthambi za masamba zimene mukudziwa kuti mbuzi za kwanuko zimadya, makoko a nandolo, masangwi a mtedza. Madeya azikhala ochepa ndipo thumba lake likhale potsekeka, chifukwa mbuzi ikadya chimanga kapena madeya ambiri nthawi imodzi imatupa mimba ndipo ikhoza kufa.

Za nyanga, musalole munthu kuzidula ndi sowo kapena chikwanje. Nyanga ya mbuzi yaikulu ili ndi mitsempha ya magazi mkati, ndipo mphako yake imalumikizana ndi mphako za m'chigaza. Kuidula kumataya magazi ambiri, kumasiya bowo limene ntchentche zimaikiramo mphutsi, ndipo ululu wake ndi waukulu. Kuletsa nyanga kumera kumachitika kamwana kali ndi masiku ochepa, m'sabata yoyamba kapena yachiwiri, ndipo ndi ntchito ya munthu wophunzira. Komanso tonde wopanda nyanga amagundabe.

Chotsala ndi kuthena. Tiana tamphongo timene simukufuna kuti tidzakhale atonde a mbewu tizithenedwa tili tating'ono, ndipo kamphongo kalikonse koleredwa ndi botolo ine ndimalangiza kuti kathenedwe ndithu, ngakhale kakhale kokongola chotani. Wanuyu ndi wamkulu kale, choncho musayese mpeni kapena mphira pakhomo, chifukwa pali ngozi ya kutaya magazi ndi kafumbata. Alangizi a ziweto a m'dera lanu ali ndi chopanira chotchedwa Burdizzo, chimene chimaphwanya mitsempha popanda kung'amba khungu, ndipo iwo ndiwo angaone ngati msinkhu wake ukulola. Akathenedwa fungo limatha pang'onopang'ono ndipo ukali umatsika pakapita milungu ingapo. Koma chizolowezi chimene anaphunzira chikhoza kutsala, makamaka ngati wakhala akugunda kwa nthawi yaitali. Choncho ngakhale atathenedwa, ana asabwerere msanga kukasewera naye.

Mukandifunsa chimene ndingachite ine pakhomo pali mwana wa zaka 5, tonde atamugwetsa kale kamodzi, ndingamuchotse. Ngati mukufuna tonde wa mbewu, sinthanani ndi mlimi wa mudzi wina mupeze wokulira m'gulu la mbuzi, amene amasunga mpata ndi anthu. Kusintha tonde pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri n'kofunika kale kuti asakwere ana ake omwe. Mukamugulitsa wamoyo, muuzeni wogulayo kuti amagunda ndiponso kuti analeredwa pamanja, kuti asakagwetse mwana wa wina. Ngati palibe womufuna woti ali ndi khola lolimba ndi mbuzi zambiri, mutheneni, mumunenepetse miyezi iwiri kapena itatu fungo lithe, apite kwa ogula nyama.

Ana adzalira, chifukwa anamumwetsa okha mkaka, ndipo musawabisire kapena kumuchotsa usiku iwo ali mtulo. Auzeni kuti tondeyo sakuwada, akuwatenga ngati mbuzi zinzake, ndipo n'chifukwa chake sangakhale nawo. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, choncho ngati muli ndi mikota, tiana tina tikubwera posachedwa. Asankhireni kamsoti kamodzi kakhale kawo, kaziyamwa kwa mayi ake, ndipo muwaonetse pokakanda, pakhosi ndi paphewa, pamphumi ayi.